Asilikali a Oldershaw Asowa M'kabati

Sajeni Lorna Widdowson anakwera masitepe a fakitale yakale ya nsalu ku Sneinton akuguguda mapazi. Kuofesi anasiya nkhani ya nyumba zothyoledwa ku Carlton ndi ya munthu wobayidwa ndi botolo pakhomo la bala, koma bwana wake anaona kuti chofunika Lachisanu limenelo n'kumutuma ku zidole.

"Si zidole," anatero bambo amene ankamudikira pamwamba, Lorna asanatsegule n'komwe pakamwa. "Ndikudziwa mmene akuuzirani kuofesi kwanu. Ndi asilikali. Ine ndine Neville Pashley, mlembi wa kalabu."

Anali munthu wa khosi ngati la kakowa, makiyi ali lendee palamba. Kumbuyo kwake kunali matebulo akuluakulu oyalidwa nsalu zobiriwira, pomwe Lachinayi lililonse amuna a imvi ankamenyanitsa tiasilikali totalika ngati chala ndi kukangana za malamulo mpaka kusasa mawu. Lorna sanafune kufotokozeredwa. Mu Nottingham banja lililonse lili ndi wake wodwala nthenda imeneyi, ndipo iye anakula akubayidwa kuphazi ndi timikondo ta asilikali a mchimwene wake.

Neville anamutengera kukabati yaikulu yapakona. Loko anali bwinobwino, wopanda n'pokalika pomwe. Pashelefu yapakati panali bokosi lakuda la chogwirira ngati sutikesi. M'kati mwake munali siponji yosanjikizana, yodulidwa timabowo, kabowo kalikonse kogona msilikali mmodzi. Timabowo tonse tinali pululu.

"Ndi a bambo Desmond Oldershaw, amene anayambitsa kalabu ino," anatero Neville. "Gulu lonse la ovala zofiira, apamahatchi ndi oyenda pansi. Anayamba kuwapaka utoto ali mnyamata. Chaka chatha anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafa. Lamlungu likubwerali tili ndi chionetsero, ndiye tinagwirizana kuti gulu lawo liime pakhomo, m'galasi, anthu aone dzanja lija mmene linalili. Sabata yatha ndinanyamula bokosili popukuta fumbi, linali lolemera. Dzulo ndati ndilitsitse, lapepuka ngati nthenga."

Lorna anapisa chala m'kabowo kamodzi. Siponji inanyenyeka ngati buledi wogona, n'kumumata kuchala. Atayang'anitsitsa anaona timakungwa ta utoto wofiira ndi wagolide tomatirira ku zinyenyeswazo. Anati atsamire khoma la kabati, anabweza dzanja msanga. Kuseri kwa shelefu kunkadutsa paipi ya madzi otenthetsera nyumba.

"Bokosili limakhala pomwepa nthawi zonse?"

"Kuyambira Novembala," anayankha Neville monyada. "Kale katundu ankangounjikana. Ndinasanja ndine motsatira zilembo za mayina. Chilembo A pamwamba, O wa Oldershaw pakati."

"Makiyi a kabatiyi ali ndi ndani?"

"Ine, a Oldershaw, ndi Royston Truswell. Musavutike, mayi, ndi Truswell. Iye ndi a Oldershaw sapatsana ndi moni womwe. Anawanena poyera kuti utoto wawo wofiira uli ngati supu wa tomato. Ndawauza kale mamembala onse pafoni kuti amuchenjere."

"Mwawauza kuti chiyani?"

"Kuti waba."

Lorna anatseka maso kanthawi. Mutu unali utayamba kale kumuwawa.

* * *

Royston Truswell ankakhala ku Arnold, m'nyumba ya njerwa zofiira yokhala ndi kashedi kuseri. Lorna anamupeza akutuluka m'kashedimo, magalasi okulitsira zinthu ali pachipumi. Atangoona chiphaso cha polisi, anakoka chitseko n'kuima chochitsamira. Anali wamfupi, wa mimba yake, ndipo foni inkangonjenjemera m'thumba la epuloni.

"Yankhani, ndidikira," anatero Lorna.

"Ndiyankhe chiyani? Onse akunena chimodzi. Bwezani katundu wathu." Anatulutsa foniyo n'kuizimitsa. "Ine ndimadya za burashi, mayi. Anthu amanditumizira asilikali awo kuchokera ku Derby, ku Leeds, ngakhale kunja, ndiwapakire utoto. Amandikhulupirira. Kakowa uja Pashley wangotsegula pakamwa kamodzi, mbiri yafika kwa onsewo, ntchito ya miyezi yathera pompo."

"Ndiye ndithandizeni tiitseke nkhaniyi. Sabata ino munapitako kukalabu?"

"Ayi."

"Alipo angakuchitireni umboni?"

"Mphaka wanga."

"Ndingaone m'kashedimu?"

"Muli ndi chilolezo cha khoti?"

"Ndilibe."

"Ndiye muone chitseko. Ndinachipenta ndekha."

Lorna anasendera kuzenera. M'katimo munali mwaudongo kuposa chipatala. Kukhoma kunali mizere ya mbale zachitsulo zoimika chamtsonga, tiasilikali tili nganganga pamenepo osagwa. Patebulo panali maburashi osanjidwa bwino, mabotolo a utoto, ndi chinthu chimodzi chomwe sichinkagwirizana ndi zonsezo: chitini cha keke cha maluwa achikasu.

"Sakugwa bwanji?" anafunsa dala, podziwa kuti munthu wa nthenda imeneyi sangapirire funso lotere.

"Maginito," anatero Royston, nkhope ikumasuka mosafuna. "Kamaginito kunsi kwa phazi, mbale yachitsulo, basi. Palibe chomukhudza msilikali, ngakhale mutalitembenuza bokosi. Siponji ndi ya anthu aulesi. Imanyambita utoto pamikondo ndi pamphuno, ndipo ikakalamba imasanduka ulimbo. Ndakhala ndikumuuza Des kwa zaka. Amamva? Siponji yake yaola mpaka..."

Anadukiza.

"Mpaka chiyani, bambo Truswell? Mwadziwa bwanji kuti yaola, poti kukalabu simunapiteko?"

"Siponji iliyonse imaola."

"Mukudziwa kuti zimene mwanenazi n'zokwanira kuti ndibwere ndi chilolezo chija?"

Royston anatsitsa magalasi, maso ake n'kukula ngati a kadzidzi.

"Bwerani nacho," anatero. Anakhoma kashedi, n'kulowa m'nyumba.

* * *

Kwa a Oldershaw ku Mapperley anamulandira ndi mayi wa m'nyumbamo, Glenys, munthu wochangamuka, wolankhula ngati akuthamangira basi. Lorna asanavule jekete anali atamukhazika kale pampando n'kumuikira tiyi.

"Mudyeko keke, mayi. Pepani yauma m'mbalimu, ndangoivindikira ndi mbale. Chitini changa..." Anakonza nsalu yapatebulo yomwe inali yokonzeka kale. "Chinachita dzimbiri. Ndinachitaya."

Desmond anakhala pampando wapazenera. Anali munthu wamkulu thupi, wometa bwino, wovala tayi ngakhale anali panyumba. Dzanja lamanja linagona pantchafu ngati la munthu wina.

"Bambo Oldershaw, asilikali anu munawaona liti komaliza?"

"Chaka chatha," anayankha Glenys. "Chidwalireni kukalabu sanapondeko. Masitepe aja ndi oipa."

"Kiyi wanu ali kuti, bambo?"

"Ali m'kabati ya mbale," anatero Glenys.

"Mayi, ndikufunsa amuna anu."

"Amatopa akalankhula."

Lorna anapuma mozama n'kusuntha mpando mpaka mawondo ake anatsala pang'ono kugunda a Desmond.

"Bambo, a Pashley akuti wakuba ndi Royston Truswell. Auza kalabu yonse. Makasitomala ake akumuthawa. Inu mukuti bwanji?"

Desmond anayang'ana pazenera. Milomo inayamba kaye kulimbana ndi mawu asanatuluke, ndipo atatuluka anali olemera, okokeka ngati thumba lamchenga.

"Sin... dikudziwa."

Khosi lake linafiira mpaka m'makutu. Kuti athawe maso a Lorna, ananyamula kapu ndi dzanja lamanzere. Dzanjalo linanjenjemera, tiyi n'kutayikira m'sosa. Apo m'pamene Lorna anaona kamzere kofiira m'mphepete mwa chikhadabo cha chala chachikulu. Poyamba anayesa magazi. Koma magazi akauma amada, pomwe ichi chinali chofiirabe psuu.

"Mumapentabe, bambo?"

"Burashi sanaigwire chidwalireni," anatero Glenys. "Ndinawabisira onse, amawapweteketsa mtima."

Lorna anatsanzika. Ali m'galimoto anakhala kaye osaliza injini. Anthu oberedwa anawaonapo ambiri. Woberedwa njinga yakutha amakugwira mkono, kufunsa ngati ipezeka ndiponso liti. Awa anataya ntchito ya moyo wonse, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa funso limenelo.

* * *

Pansi pa kalabu panali kamalo kodyera ka mayi Harjit Bassi, ndipo zenera lake linayang'anizana ndi khomo la masitepe. Lorna anaitanitsa banzi la mazira, chifukwa chidzukireni anali asanaike kanthu m'kamwa kupatula keke youma ija.

"Ndinu wapolisi wa zidole uja?" anafunsa mayi Bassi akupaka batala. "Khalani, mwana wanga, mwatuwa. Amuna awa adzatipha. Wanga amakonda nkhunda, ndiye ndisaseke anzanga."

"Sabata ino masana, alipo amene anakwera m'mwambamu?"

"Wa makiyi uja amabwera tsiku lililonse, amati akuyendera. Akuyendera chiyani, fumbi? Royston ayi, ndikanamuona, sadutsa pano osandinena kuti tiyi wanga ndi madzi otsukira mbale. Basi, palibenso. Kupatula a Desmond."

Lorna anasiya kutafuna.

"A Oldershaw? Liti?"

"Lachiwiri. Mvula ija itangokata. Ndinasangalala kuwaona, koma iwo anayang'ana kumbali, sanafune moni. Manyazi, mwana wanga. Munthu uja anali ndi mawu, ankamveka mpaka pansi pano akamakangana. Masitepe anakwera ngati akukwera phiri, Glenys akuwakankha kumsana. Patapita kanthawi Glenys anatsika yekha kugalimoto, nkhope ili gwa, n'kutengako chitini cha keke ndi matawulo."

"Cha maluwa achikasu?"

"Mukuchidziwa? Chimenecho. Anakwera nacho atachipanira kukhwapa. Potsika anachinyamula ndi manja awiri, pang'onopang'ono, ngati muli msuzi wotentha. Ndinadabwa. Zaka zonse ndakhala pano, keke ndaionapo ikukwera m'mwambamo, koma sindinaionepo ikutsika."

Lorna anapukuta manja n'kutulutsa foni. Glenys anayankha msanga.

"Mayi Oldershaw, ndikupita ku Arnold kukamanga Royston Truswell. Ngati muli ndi mawu pankhaniyi, mundipeze kumeneko. Mubwere ndi amuna anu."

Anadula osadikira yankho. Kenaka anaimbira Neville.

* * *

Royston anatsegula kashedi ataona Desmond akutsika m'galimoto ndi ndodo yake. Anangochotsa mabokosi pampando umodzi wokha umene unalimo, n'kuukankha ndi phazi. Desmond anakhala. Neville anaima pakhomo atapinda manja, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wapambana mlandu.

"Tsegulani chitinicho," anatero Lorna.

Royston anayang'ana Desmond. Desmond anagwedeza mutu movomereza.

M'chitinimo munali tiasilikali togonekedwa pamatawulo, ndipo tina tinali m'mbale yachitsulo pansi pa tebulo. Neville anasuzumira. Siponji yosungunuka inamata pamisana ya mahatchi, pambendera, pazipewa, ngati nkhanambo. Pomwe inamatulidwa inachoka ndi utoto, chitsulo chili mbee. Tingapo tinali titayeretsedwa kale n'kupakidwanso mwaluso moti sukanadziwa kuti tinavulalapo. Koma atsogoleri atatu apamahatchi anali ndi vuto lina. Majekete awo anapakidwa utoto wofiira wambiri, wodontha, wofika mpaka kumaso ndi kumakutu a mahatchi.

"Mwaona, mayi?" anatero Neville. "Waba, wawononganso."

"Bambo Pashley, yang'anani kukhomako. Munthu amene amapenta diso la msilikali wochepa ngati nyemba angapake jekete mpaka pamphuno?" Lorna anatembenukira kwa Desmond. "Ndinene ndine, kapena munena nokha?"

Glenys anatsegula pakamwa. Desmond anagogoda ndodo pansi, mkaziyo n'kukhala chete.

"Ndina... funa kuwaona. Lamlungu... lisanafike." Mawu aliwonse ankamutulutsa thukuta. "Ndinapeza... chonchi. Ndinati... ndikonza ndekha. Ndi... ili." Anakweza dzanja lamanzere, likunjenjemera, n'kulitsitsa.

"Ndinawabisiradi maburashi," anatero Glenys motsitsa. "Anawapeza ndili kumsika. Nditabwera ndinawapeza akulira patebulo. Ine sindinawaonepo akulira, ngakhale kuchipatala. Ndiye ndinanyamula chitini n'kubwera kuno, poti mu Nottingham yense palibe wina angafanizire dzanja lawo. Bokosi tinalisiya m'kabati kuti asadziwe munthu. Timati Loweruka tikawabwezera."

"Ndipo inu munavomera," anatero Lorna kwa Royston. "Munthu amene simupatsana naye moni."

"Moni ndi wa chiyani? Mahatchi aja ndi abwino kuposa onse amene ndinawaonapo. Mwiniwake ndi bulu, koma mahatchi alibe mlandu. Mayiwa anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Ndinalumbira."

"Mpaka kulola kumangidwa?"

"Ndimayesa kuti buluyo alankhula nkhani isanafike pamenepo."

Lorna anawayang'ana mmodzimmodzi. Anakumbukira munthu wa botolo uja ali gone kuchipatala, akudikira kuti wina akamufunse amene anamubaya.

"Tsiku lathunthu," anatero. "Ndayenda tauni yonse kufunafuna katundu amene mwiniwake anadzibera, mkazi wake n'kumunyamulira, mdani wake n'kumusungira. Nonsenu mwandinamiza m'maso muli gwa. Lamulo lilipo la anthu otayitsa nthawi apolisi, ndipo musandiyese, ndikhoza kuligwiritsa ntchito."

"Ine sindinaname," anatero Neville. "Ndipo pali nkhani ina. Ngati Truswell wapentako, sitingaonetse gululi ngati ntchito ya a Oldershaw. Kumeneko n'kunamiza anthu. Malamulo a chionetsero..."

"Bambo Pashley, siponji ija yasungunuka ndi chiyani?"

"Ndi ukalamba, ndithu."

"Ukalamba ndi paipi," anatero Royston. "Inali yotha kale, koma popanda moto sikanafika apa. Ndakhala ndikudzifunsa kuti Des anaiika pachitofu kapena bwanji."

"Kuseri kwa shelefu yapakati kumadutsa paipi ya madzi otentha," anatero Lorna. "Yandiwotcha dzanja m'mawa uja. Bokosilo lagona pamenepo nyengo yonse yozizira, chifukwa munthu wina anaona kuti O malo ake ndi pakati."

Neville anamasula manja aja, n'kusowa powaika. Anagwira makiyi ake, n'kuwasiyanso.

"Sindinadziwe," anatero ndi mawu aang'ono.

"Tulutsani foni yanu. Aliyense amene munamuuza kuti bamboyu ndi wakuba mumuuze kuti munalakwitsa, ndipo mutchule za paipi. Muyambe pompano, ndikuona."

Neville anatuluka panja ndi foni yake, msana utawerama. Desmond anatambasula dzanja lamanzere n'kutola mmodzi wa atsogoleri atatu aja. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Awa... usawakhudze," anauza Royston.

"Iwe Des, akuoneka ngati agwera mumphika."

"Ndi anga. Aime... kutsogolo. Enawo... tinena kuti... wathandiza ndiwe."

Royston anatsitsa magalasi, n'kuwakwezanso. Anapukuta mphuno ndi epuloni.

"Izo ndi zako, ukachite manyazi wekha," anatero. "Koma ine sindinathe nawe. Za kakowayo makasitomala anga sangazimve, samudziwa. Amadziwa dzina lako. Uwauze ndiwe."

"Ndiwalembera uthenga ine," anafulumira Glenys.

"Ayi, mayi. Uthenga angalembe aliyense, ngakhale ineyo. Amve mawu ake."

Glenys anayang'ana Lorna ngati wopempha kuti alowererepo. Chidwalireni, mwamuna wake anali asanalankhulepo pafoni ndi munthu, ngakhale mwana wake wa ku Sheffield. Lorna anali atagwira kale chitseko, ndipo nkhani za Carlton zinkamudikira. Koma anachisiya chitsekocho, n'kutsamira khoma.

"Zimenezo si za polisi," anatero. "Koma bamboyu wakusungirani chinsinsi mpaka ntchito yake kutsala pang'ono kugwa. Ine ndikanakhala inu, ndikanaimba."

Desmond anaika msilikali uja patebulo mosamala. Anakonza tayi. Kenaka anatambasula dzanja, ndipo Royston anayatsa foni, kusankha nambala, n'kumuikira m'chikhatho. Foniyo inagwedezeka moti Royston anachita kuichirikiza ndi zala ziwiri kunsi kwake.

"Tiyambe ndi wa ku Derby," anatero Royston. "Ameneyo ndi wolongolola. Ukangotchula dzina lako, zotsalazo amaliza yekha."

Kutsidyako foni inaitana, kenaka munthu anayankha. Milomo ya Desmond inayamba kulimbana ndi chilembo choyamba. Onse anadikira, ndipo palibe amene anamuthandiza.